eSIM Yabwela, Koma pa Boda Tikali Kupemphana Phini

Ngati munakwelapo basi yocoka pa Intercity kupita ku Johannesburg, mudziwa zimene zimacitika ikangowoloka mlatho wa Chirundu. Anthu amene anali pa foni njila yonse kucokela ku Kafue amangoti zii. Ena amazima data mwamsanga monga aona njoka. Amai ena amatulutsa kacikwama ka ndalama, m'menemo muli tumakhadi tutatu tokulunga m'kapepala: ka Econet, ka Vodacom, na kena kamene eni ake anaiwala kuti ni ka dziko liti. Ndiye pamayamba kupemphana. "Alipo ali na kaphini kotsegulila foni?" Wina avula ndolo, wina apeleka phini ya pa citenje, ndipo kaSIM ka ku Zambia, kamene kasunga ndalama zonse za mobile money, kagwela pansi pa mpando pakati pa makoko a nshawa.

Masiku ano acinyamata a m'mashopu a mafoni akamba kuti mavuto onsewa anatha, cifukwa kunabwela eSIM. Titakamba za nkhaniyi pa pulogilamu yathu ya amalonda pa wailesi, mafoni analila mpaka nthawi inatha. Ambili anali kufunsa funso limodzi: kodi nigule kapena ai? Ife maganizo athu ni akuti eSIM ni cinthu cabwino, ndipo ena a ife tinaisewenzetsapo. Koma mmene aigulitsila, monga ni mankhwala a matenda onse a pa ulendo, si zoona. Ithandiza anthu ocepa, ndipo amene avutika kwambili na foni pa boda ndiwo amene siiwafika.

Tiyambe na kufotokoza, cifukwa ena anali kuganiza kuti ni intaneti yocokela kumwamba monga Starlink. Iyai. eSIM ni SIM imene anaimangila kale mkati mwa foni ku fakitale, kacipangizo kang'ono-ng'ono komatidwa pa bolodi, kosacotseka. Cimene mugula imwe ni zolembedwa cabe, manambala na makiyi acinsinsi amene kale anali kubwela pa kakhadi ka pulasitiki. Kampani ikutumilani QR code pa imelo, kapena mucita zonse mu app yawo, foni ikopela, basi laini yalowa. Apple inayamba kuika eSIM mu iPhone mu 2018, pa XS na XR. Samsung inaika pa Galaxy S20 mu 2020. Kucokela pa iPhone 14 ya mu 2022, mafoni a Apple ogulitsidwa ku America alibiletu kabowo koikamo khadi. Conco ngati mwana wanu wa ku Texas akutumilani foni yotelo, mudzafuna eSIM olo muli pa Kapata. Makampani ena a kuno kwathu anayamba kale kupeleka laini ya mtundu uwu ku maofesi awo.

Koma imene anthu akambapo maka-maka ni ya pa ulendo. Kuli makampani monga Airalo, Holafly, Nomad na Saily amene agulitsa mabandulo a data a maiko osiyana-siyana pa intaneti. Iwo alibe mlongoti olo umodzi mu Africa muno. Amagula data ya roaming yoculuka kwa makampani amene ali na mapangano na manetiweki a maiko ambili, ndiye aigawa m'tumabandulo, kuyambila ngati 1GB ya masiku 7, n'kugulitsa kwa imwe. Mukafika ku Tanzania foni igwila netiweki ya komweko, Vodacom kapena Airtel, malinga na pangano lawo. Kunena mwacidule ni roaming ndithu, koma yogula pa oda, ndipo mtengo muudziwilatu musananyamuke. Cimeneci ndiye cabwino cake cacikulu. Roaming ya masiku onse coipa cake si kudula cabe, koma kuti munthu sadziwa kuti idya zingati. Mwaika tokotaimu m'mawa, mwatsegula Facebook kamodzi pa boda, masana mulibe ciliconse.

Pali cina cabwino cimene anthu sacichula kawili-kawili. Kugula SIM m'dziko la eni kufuna kulembetsa, monga mmene kuno tipelekela NRC. Ku South Africa lamulo la RICA lifuna pasipoti na umboni wa kumene mukhala. Mlendo amene watsika pa Park Station usiku, umboni wa nyumba autenga kuti? Ndiye cifukwa cake ambili timagula makhadi olembetsa kale kwa anyamata a pa msewu. Khadi limenelo lili m'dzina la munthu amene simum'dziwa. Akafuna, apita ku ofesi kukakamba kuti foni yake inasowa, apatsidwa nambala ija, imwe laini yafa, ndipo ngati munaikapo ndalama zapita. Komanso simudziwa kuti nambalayo inacitapo zotani imwe musanaigule. Poyelekeza na zimenezi, eSIM yogula na dzina lanu muli pa nyumba ni yaukhondo.

Nanga amalonda opita ku Guangzhou? Kwa iwo phindu ni lalikulu koposa. Ku China WhatsApp, Facebook na Google ni zotsekedwa pa manetiweki a komweko. Koma data ya eSIM ya pa ulendo nthawi zambili imatulukila ku dziko lina isanalowe pa intaneti, conco zinthuzi zimatseguka, munthu n'kutumila kasitomala wa ku Kamwala zithunzi za katundu ali m'shopu momwemo. Njila yozungulila imeneyi ili na kuipa kwake. Uthenga wocoka ku Mbeya ungayambe wapita ku Ulaya kapena ku Asia usanafike ku Chipata, ndiye poimbilana pa WhatsApp mau amacedwa, mukamba onse pa nthawi imodzi monga mukangana. Nthawi zina Google imakuonetsani zinthu m'citundu cimene simunacionepo, cifukwa iganiza kuti muli ku dziko lina.

Ife tinaiyesa caka catha. Tinanyamuka atatu kupita ku Dar es Salaam kukagula mikisa na mamaikolofoni a situdiyo, cifukwa za kuno zinali zodula. Tinadzela ku Malawi: Mwami, Lilongwe, Mzuzu, Karonga, n'kuwolokela pa Songwe. Pa atatufe mmodzi cabe ndiye anali na foni yolola eSIM, iPhone yakale imene alongo ake anam'tumila. Enafe tinali na ma Tecno athu. Anagula bandulo ya maiko angapo a mu Africa ku kampani ina ya pa intaneti, anaiika tikali pa wifi ya ku situdiyo. Tikambe zoona, inagwila bwino. Titapitilila Mchinji uthenga unalowa, tinauza a ku nyumba kuti tawoloka. Pa Songwe, pamene anzathu a m'basi anali kuthamangitsana na anyamata a makhadi na osintha ndalama, ife tinali kuona mtengo wa shilingi pa foni, ndipo wina amene anafuna kutidyela pa kusintha anatisiya.

Kunyada kwathu kunatha tsiku laciwili. Mwini foni anatitsegulila hotspot kuti nafenso tilowe. Ma Tecno athu ataona wifi anaganiza kuti afika pa nyumba: anayamba kukopela ma update, mavidiyo onse a m'magulupu a WhatsApp a ku chalichi na a cibululu, zithunzi za malilo na za ma kitchen party. Tisanafike ku Iringa bandulo inali itatha. Kuonjezela kunafuna khadi la ku banki, banki inatuma nambala yacinsinsi pa SMS ku laini ya ku Zambia, laini imene mnzathuyo anali ataizima poopa roaming. Anaiyatsa, SMS inafika mocedwa nthawi yake itapita, tinayambanso. Zinatheka, koma titataya thukuta.

Cimene cinatiphunzitsa kwambili cinacitika ku Kariakoo. eSIM zambili za pa ulendo ni za data cabe, zilibe nambala ya foni. Mwini nyumba ya alendo kumene tinafikila sanali pa WhatsApp, anali na kafoni ka mabatani. Mnyamata wa ngolo amene anatenga katundu wathu kupeleka ku basi anapempha nambala yoti atiimbile akafika, ife tinalibe nambala ya m'dzikomo yomupatsa. Mashopu ambili anali kulandila ndalama pa foni, koma M-Pesa ifuna laini ya ku Tanzania. Tsiku lacitatu mmodzi wa ife anatenga pasipoti, anakaima pa mzele ku ofesi ya kampani ya mafoni, n'kugula khadi la pulasitiki. Data yake inali yochipa kutali poyelekeza na ija tinagula m'madola.

Apa ndiye pamene titsutsana na acinyamata a m'mashopu. Munthu amene ayenda na ndeke, afikila mu hotela, alipila na khadi, aitana galimoto na Uber kapena Bolt, eSIM imukwanila. Koma malonda athu a pa boda amayenda na kuimbilana, na kubipa, na mobile money. Ku Lilongwe wogulitsa nsapato afuna Airtel Money ya ku Malawi kapena Mpamba. Kondakitala wa basi imene yanyamula mabelo anu sakutumilani imelo. Data yokha, olo ikhale yoculuka bwanji, siigwila nchito zimenezi.

Ndiyeno pali funso la foni yeni-yeniyo. Yang'anani m'manja mwa anthu pa Saturday Market kapena pa COMESA ku Lusaka. Ni Itel, Tecno, Infinix, na ma Samsung a mtengo wapansi. Ambili a mafoni amenewa alibe eSIM. Kudziwa n'kosavuta: dinani *#06#. Ngati pansi pa IMEI paoneka nambala ina yaitali yolembedwa EID, ya manambala 32, foni yanu ili nayo. Ngati palibe, musalole munthu kukunamizani kuti aika na kompyuta mukamulipila. Cinthu cimene sicili pa bolodi sangacilowetse na cingwe. Olo ma iPhone si onse: ambili amene anapangidwila msika wa ku China na Hong Kong ali na malo a makhadi awili a pulasitiki m'malo mwa eSIM, ndipo otelo afika ambili kuno kupitila mwa amalonda. Enanso, maka-maka ocokela kwa abululu a ku UK na ku America, amabwela okhomedwa ku kampani imodzi, ndipo sangalandile laini ya kampani ina mpaka atakhomoledwa. Tinalandila foni ya mphunzitsi wina amene anagula bandulo coyamba, n'kudziwa zimenezi pambuyo pake. Ndalama zake sizinabwele.

Ndalamazo nazonso ni nkhani. Mitengo ili m'madola, kulipila ni pa Visa kapena Mastercard. Amene ali na akaunti ku banki, kapena adziwa kupanga khadi losaoneka la pa mobile money, adzakwanitsa. Koma kwacha ikagwa, bandulo yakwela tsiku lomwelo, ndipo banki nayo idulapo zake posintha. Cina cimene cimatiwawa n'cakuti mukatsegula ma app amenewa n'kuyelekeza, data ya maiko athu ano nthawi zambili ni yodula kuposa ya ku France kapena Germany. Munthu wa ku Chipata wopita ku Tete, pafupi pomwepa podzela pa Chanida, alipila zambili pa gigabaiti imodzi kuposa wopita ku Paris. Makampaniwa anayamba na alendo okaona malo, ndipo ife tinabwela pambuyo.

Pali cinanso cimene khadi la pulasitiki lipambana, cimene aliyense woyenda pa basi acidziwa. Batili ikatha pakati pa Mpika na Nakonde, mucotsa khadi, mubweleka foni ya mnzanu wa pa mpando, muimbila a ku nyumba. Foni ikagwa n'kusweka galasi, mugula kafoni ka mabatani pa boda, laini ipitiliza. eSIM imafa pamodzi na foni. QR code ya makampani ambili imasewenza kamodzi cabe, ndipo mukaifafaniza mwangozi poyesa kukonza netiweki, yapita. Wothandiza ali pa chat ya Cizungu, ndipo kuti mukambe naye mufunika intaneti imene mulibe.

Sitikamba izi kuti amene angakwanitse aleke. Ngati foni yanu ilola, ndipo ulendo ni waufupi kapena udutsa maiko awili kapena atatu monga wa ku Johannesburg, gulani. Koma iikeni mukali pa nyumba pamene pali intaneti, osati pa boda. Welengani bwino kuti masiku ayamba kuwelengedwa liti, cifukwa ku makampani ena ayamba tsiku loika, kwina ayamba foni ikagwila netiweki ya dzikolo, ndipo ife a ku Mwami na Vubwi tidziwa kuti foni ingagwile netiweki ya ku Malawi munthu ali pa khonde pake. Onaninso ngati alola hotspot, popeza ena amaiikila malile. Laini ya ku Zambia muisiye yoyaka cifukwa ca ma SMS a ku banki, koma muitsekele data roaming, n'kuitsegulila eSIM yokha. Anthu ambili amalakwitsa pamenepa: atseka zonse ziwili n'kuyamba kutukwana kampani, kapena atsegula zonse ziwili tokotaimu n'kupsa. WhatsApp musaikhudze, ikhalabe pa nambala yanu yakale olo data icokele kwina. Ndipo musananyamuke tsekani zokopela zokha, sungilanitu mapu a kumene mupita mu Google Maps. Za ndalama za pa mobile money, tapani zimene mufuna mukali kuno, cifukwa manambala a nyenyezi aja sadalilika mukawoloka.

Koma nkhani yaikulu kwa ife si ya foni ai. Tifunse: n'cifukwa ciani munthu wa ku Chipata afunika kugula data m'madola ku kampani ya kutsidya kwa nyanja kuti akambe na mkazi wake ali ku Lilongwe? Lilongwe ili pa mtunda wosakwana makilomita 150, pamene Lusaka ni oposa 550. Tikwatilana, tiikana malilo, tigulitsana cimanga na soya. Kumapeto kwa August caka ciliconse mafumu na anthu awo ocokela ku Malawi na Mozambique amabwela ku Mkaika kudzalambila Kalonga Gawa Undi, mtundu umodzi, citundu cimodzi, koma theka la anthu pa bwalo lija mafoni awo ni ozima kapena abweleka laini ya m'bululu. Mu December 2022 atsogoleli a maiko awiliwa anatsegula boda ya Mwami na Mchinji kuti munthu azidinditsa pa malo amodzi. Thupi na katundu ziwoloka mwamsanga tsopano. Foni ndiyo ikali kuima pa geti.

Ndipo si kuti n'zosatheka. Maiko a European Union anacotsa ndalama zoonjezela za roaming mu June 2017, munthu asewenzetsa bandulo yake ya ku nyumba kulikonse m'maikowo. Kenya, Uganda na Rwanda anayamba One Network Area mu 2014. Acikulile akumbukila Celtel, imene inasanduka Zain, pambuyo pake Airtel: mu 2006 inagwilizanitsa Kenya, Uganda na Tanzania pa netiweki imodzi, kalelo mafoni akali a mabatani. Lelo Airtel ili ku Zambia, ku Malawi na ku Tanzania komwe. MTN ili kuno na ku South Africa. Mu 2023 maboma a Zambia, Malawi, Zimbabwe na Botswana analengeza kuti agwilizana zocepetsa mitengo ya roaming, ndipo nkhaniyo tinaiwelenga tekha pa maikolofoni mokondwa. Koma kwa ife pangano lotelo liyamba kugwila nchito tsiku limene amai a pa boda adzaleka kuopa kuyatsa data. Pitani pa Mwami m'mawa uliwonse mukaone ngati analeka.

Zimene tipempha kwa ZICTA, anzawo a MACRA ku Malawi, na makampani a mafoni si zambili. Munthu akawoloka, SMS imene ibwela isamangoti takulandilani. Ikambe mtengo wa miniti na wa megabaiti m'makwacha, m'citundu cimene munthu amva. Pakhale bandulo ya pa ulendo ya maiko oyandikana nawo yogula na mobile money pa kafoni kalikonse, yolengezedwa pa wailesi monga mmene alengezela mabandulo a usiku, ndipo ikatha data iziima, osati kuyamba kudya tokotaimu mwakacetecete. Ndipo anthu a m'midzi ya m'malile asamalipitsidwe monga ali kunja pamene ali m'dimba mwawo. Mantha athu ni akuti anthu amene ali na mau, mabwana, andale, atolankhani anzathu a ku Lusaka, onse adzagula mafoni a eSIM, vuto la roaming kwa iwo lidzatha, ndipo sipadzakhalanso wolikambapo mu nyumba ya malamulo.

Womaliza kutuma foni pa pulogilamu ija anali amai ena ogulitsa vitenje, amene amapita ku Lilongwe kawili pa mwezi na ku Dar es Salaam pakapita miyezi itatu. Anati mwana wawo awakakamiza kuti agulitse belo imodzi agule foni ya eSIM. Tinawapempha kuti adine *#06# tili pa mphepo pomwepo, anatiwelengela ma IMEI awili, EID panalibe. Tinawafunsa ngati makhadi awo a ku Malawi na ku Tanzania analembetsa na pasipoti yawo. La ku Malawi anati inde, la ku Tanzania anagula pa msewu. Tinawauza kuti belo asagulitse. Ulendo ukubwelawu akayambe ku ofesi ya kampani akalembetse laini m'dzina lawo, aziiikako tokotaimu pang'ono kuti isatsekedwe, alembe dzina la dziko pa kapepala ka khadi lililonse, ndipo kaphini akamangilile ku makiyi a shopu. Anaseka, n'kutifunsa ngati phini nayo igulidwa m'madola.